Njira ya ku Nyanja Yadutsa Pakhomo Panga

Lolemba

M'mawa. Ndaganiza, ndipo wina asandibweze. Njira ya boma ija ndikuitseka lero.

Loweruka lino ndi chinkhoswe cha Ameliya, mwana wanga mmodzi yekhayo, ndi mnyamata wake Zakariya. Akuchimuna akuchokera ku Cuamba, banja la anthu a njanji, a nsapato zopukuta. Mayi ake a mnyamatayo, Dona Beatirizi, ataona chithunzi cha pakhomo panga pa foni anangoti, "Ndi pabwino ndithu. Tidzakhala mosinthana." Ndinaseka nawo. Koma mawu amenewo sindinawaiwale mpaka lero. Mwana wanga sakalowa m'banja limenelo ngati wochokera pa kabowo.

Pakhomo panga ndi pang'ono, sindikana. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndi malemu bambo ake tinapeza malo abwino onse a m'mbali mwa nyanja ya Amaramba ali ndi eni. Tinangolandira kachidutswa aka: nyumba, kozinya yophikiramo, bafa, mtengo wa mango, nthochi kuseri, basi.

Koma pambali pa mpanda wanga padutsa njira yotakata, yochokera ku msewu kutsikira ku nyanja. Ya boma, ili ndi timiyala ta simenti m'mbali. Kumunsi kwake kuli kabwalo ka mitengo ndi benchi, kamene boma linati ndi kopumirako anthu onse.

Anthu onsewo ndi awa:
- Che Saide, woyandikana nane, wogulitsa nsomba. Mathandala ake oyanikira matemba adya theka la kabwalo.
- Banja la tsidya la njira. Chimbudzi chawo chaponda mwendo umodzi m'njira.
- A sekeretariyo a bairo eni ake, oyang'anira dera lathu lino. Benchi ija anaizinga ndi waya, mukugona nkhuku.
- Ine. Palibe. Zaka zonsezi kumangosesa njira ya eni ngati ndinalembedwa ntchito.

Sindikuba ayi, ndikubwereka mpaka Lamlungu. Lona, tenti ya alendo, idzaima mmenemo. Mpanda wanga wa mbali imeneyo ndigwetsa, pakhomo padzaoneke ngati pa munthu.

Masana. Che Saide andipatsa bango ulere, ndipo athandiza kumanga. Akuti, "Mwachedwa nazo, mayi." Munthu wabwino. Ndakhala ndikumunena pachabe.

Ameliya: "Amayi, nanga anthu azidutsa pati?" Azungulire ku merikado, kumsika uko, ali ndi miyendo. Akuti kumeneko ndi kutali komanso kuli matope. Ana a masiku ano amamvera chisoni aliyense kupatula mayi wawo.

Madzulo. Mpanda kumtunda, mpanda kumunsi, pakati ndi panga. Ndayendamo manja ali kumbuyo. Ndaika mpando pakatikati, ndakhala, ndayang'ana uku ndi uku. Kukula kwake! Abakha anga nawo akuyendamo monyada, sakudziwa kuti Loweruka akulowa mu mphika.

Lachiwiri

M'mawa. Ndili m'bafa, sopo ali kumaso. "Odi kuno!"

Mayi wina, beseni la zochapa pamutu, waima pachipata changa cha ku msewu. Wapeza njira yotseka. Waona chipata changa chotsegula, ndipo akudziwa kuti kuseri kwa nthochi kuli kampata kotulukira ku nyanja, kamene ndimadutsira ndekha. Akupempha kudutsa. Munthu akati odi umamuyankha chiyani? Ndati odini, mutu wokha uli pamwamba pa udzu wa bafa. Wandifunsa mmene ndadzukira, mmene wadzukira Ameliya, ndi za bondo langa. Ndayankha zonse. Sopo walowa m'maso.

Ichi dzulo sindinachiganize. Munthu akamayenda m'njira ndi wodutsa: ukhoza kumugwedezera mutu, ukhoza kuyang'ana kumbali ngati ukufuna nkhuku. Koma akaponda pabwalo pako ndi mlendo. Mlendo amalandira moni wathunthu, mpando ndi madzi. Akakupeza ukudya umati, "Tiyeni tidye." Mwambo umenewu sindinauyambe ndine, ndinaupeza.

Nthawi ya matabisho, kadzutsa, ndili pakhonde ndi tiyi ndi pawu, buledi wa kuno. Adutsa:
- Amayi ochapa, gulu lonse. Akana tiyi mwaulemu. Analeredwa.
- Aphunzitsi akukankha njinga, akuti "dalisensa," odi wa Chipwitikizi. Akana, koma pawu amuyang'ana nthawi yaitali.
- Agogo ogontha. Moni ndawapatsa mokuwa, bairo yonse yamva kuti ndadzuka bwino.
- Asodzi ochokera ku nyanja, onyowa, anjala. Ndati "tiyeni timwe" ndi mawu a pansipansi, oti wanzeru amve kuti ndi mwambo chabe. Akhala pansi.

Pawu watha. Ine ndadya fungo.

Masana. Mzere wawo ndi umodzi: chipata, pakati pa khonde ndi kozinya, pansi pa mango, nthochi, nyanja. Bwalo langa latsopano lija palibe akulipondako, akulilemekeza kwambiri. Akuponda lakale, pamene ndimaphika, ndimachapa, ndimakhala. Ndipo wotsika ku nyanja amabwereranso, ndiye aliyense ndikumulonjera kawiri.

Mayi mmodzi waima pa mphika wanga wa nyemba, wavundukula, akuti mchere wachepa.

Madzulo. Mawu andithera. Ameliya akusankha mpunga wa Loweruka, mapewa akugwedezeka. Akuti sakuseka, ndi chifuwa. Lero linali tsiku loyamba, anthu sanazolowere. Mawa azungulira.

Lachitatu

M'mawa. Sanazungulire. Auzana.

Chipata ndamanga ndi chingwe cha mphira. Palibe wothyola, anthu a kuno ndi aulemu. Amangoima panja n'kumati odi, odi, odi, mpaka ndipite ndikamasule. Ndikamasula ndimange. Ndikamanga, odi. Ndasanduka wa pachipata cha malire ku Entre Lagos, chikungosowa chidindo. Bondo layamba kutupa, ndipo aliyense wolowa akulifunsa.

Chingwe ndachotsa.

Masana. Nzeru ina: kudyera m'nyumba. Chitseko ndatseka, zenera ndatseka, kutentha ngati mu uvuni, koma mlamba wanga ndikudya ndekha. Ndinaiwala kuti kuno munthu sadzitsekera masana pokhapokha akudwala. Mbiri yathamanga. Amayi a mpingo afika atavala mipango yoyera kudzandipempherera. Andipeza ndi fupa m'kamwa. Apemphera ndithu, poti anali atabwera kale. Atati amen, maso onse ali pa mbale.

Mlamba wapita.

Zofunika kubisa:
- shuga
- mafuta
- mtedza wa Loweruka
- nkhope yanga, pena ikumaonetsa zimene ndikuganiza

Chakumadzulo. Bwato! Amuna alinyamula pamapewa, latsopano, lonunkhira mtengo, akupita nalo ku nyanja. Kale likadatsika njira ya boma popanda wodziwa. Lero lakanirira pakati pa kozinya ndi mango. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Akangana m'Chiyao, akangana m'Chimakuwa, amwa madzi anga. Mwini wake akuti, "Ligone pomwepa, mayi, mawa tibwera ndi nzeru." Abakha alowamo kale.

Kuti ndikafike ku kozinya ndikukwawa pansi pa bwato.

Madzulo. Zadutsa ng'ombe, kupita kukamwa. Sizinati odi, sizinafunse bondo, sizinafune mpando. Ndinazikonda kuposa anthu onse a sabata ino, mpaka nditaona mphasa. Chimera cha thobwa la Loweruka, chimene ndinayanika, zaseteka mpaka mphasayo yawala.

Ameliya: "Amayi, tingotsegula." Ayi. Ndamutuma kukabwereka chimera kwa anthu omwewo akundidutsira pakhomo. Apereka mokondwa, ati adzabwera kudzalawa.

Lachinayi

M'mawa. Nzeru ya eni bwato yafika: kuzula mzati umodzi wa kozinya. Bwato latuluka. Mzati aubwezera, koma dzenje lasintha maganizo. Kozinya tsopano yapendekera ku nyanja ngati nayonso ikufuna kutsika.

A sekeretariyo a bairo abwera, ndi chikwama chawo cha m'khwapa. Ndawapatsa mpando wabwino, ndakazinga mazira a bakha.

Ayamba bwino. Akuti njira ija ndi ya boma, sitseka munthu wamba, nkhani ikafika kwa akuluakulu ku Mandimba kudzabwera galimoto. Ine ndafunsa mwaulemu kuti nkhuku zawo zikugona bwanji pa benchi, simenti sikuzizira? Atsokomola. Apempha mchere.

Kenako akuti vuto ndi lakuti palibe wadandaula. Ayendayenda m'bairo monse kufuna wodandaula, sanamupeze. Anthu akuti njira yatsopano ndi yachidule, ili ndi mthunzi, ndipo pena pamakhala tiyi. "Popanda dandaulo, mayi, manja anga ndi omangika."

Ndiye ndati wodandaula ndine, aletse anthu kudutsa pakhomo panga. Akuti akhoza, koma ayambe atsegula njira ya boma ija. Ndisankhe.

Ndasankha. Lona idzaima pamene ndinanena. Walira mvula walira matope, ndipirira mpaka Loweruka. Atsanzika, atulukira ku nthochi. Nawonso akupita ku nyanja.

Masana. Achimwene afika kuchokera ku Itepela pa mota, njinga yamoto, mbuzi itamangidwa kumbuyo, onse awiri ofiira ndi fumbi. Ndiwo ankhoswe a Ameliya. Ndinati mwamuna akakhala pakhomo anthu achita manyazi.

Achimwene kwawo ku munda amatha sabata osaona nkhope yachilendo. Aona mzere wa anthu, maso awala. Akokera mpando pansi pa mango, pa njira penipeni. Aliyense akumufunsa kwawo, mfunda wake, ndi mtengo wa chimanga kumene akuchokera. Apezamo kale abale atatu amene sitinkawadziwa. "Tiyeni tidye" wawo si wa pansipansi ngati wanga. Ndi wa mtima wonse, wogwira munthu pa mkono. Chakudya si chawo.

Madzulo. Ndawakokera kuseri, ndawauza kuti mtedza umenewo ndi wa alendo. Akuti, "Nanga awa ndi ndani, mlongo?"

Ndakalipira mbuzi.

Lachisanu

M'mawa. Lona yaima! Yabuluu, yobwereka ku mpingo, ili ndi chigamba chimodzi chokha ndipo chili kumbuyo. Mipando ya pulasitiki mizeremizere. Ndaima patali ndikuyang'ana, misozi inalengeza. Bambo ake Ameliya akadaona. Tsiku limene tinafika kuno tinagona pansi pa lona ngati yomweyi, ya chithandizo, mphika umodzi, mphasa imodzi. Lero ndikuimika lona ya chisangalalo, pamalo otakata. Dona Beatirizi abwere ndi onse a pa njanji, aliyense akhala pa mpando wake.

Zatsopano pachipata changa:
- mayi wa mandazi, wayala tebulo, akuti apa ndiye pali anthu
- wogulitsa mayunitsi a foni, ndi ambulera
- mota ziwiri zodikira okwera
- galu wa eni, wangosamukira

Masana. Fungo. Ndalitsatira mpaka kuseri kwa lona. Che Saide aimika mathandala awiri m'kati mwa mpanda wanga watsopano, matemba ali mbuu. Akuti, "Lero lokha, mayi. Muno mulibe fumbi, simudutsa anthu." Ndati muno ndi mwanga. Andiyang'ana mwachifundo, ayang'ana kamwala ka simenti, ayang'ana bango lawo limene anandipatsa ulere. Ndamva zonse.

Munthu woipa. Ndinkamunena zoona.

Thobwa laphikidwa, mbiya ziwiri. Eni chimera abwera kudzalawa monga analonjezera. Sindinadziwe kuti chimera chochepa chija chinali ndi eni ambiri chonchi. Yatsala mbiya imodzi ndi theka, ndaikankhira pansi pa bedi.

Madzulo. Ameliya wandipeza ndikuthira madzi pabwalo kuti mapazi a anthu asaoneke. Wandilanda ndowa. Akuti, "Amayi, ine sindinapemphe bwalo lalikulu. Zakariya pakhomo pano amapadziwa, anadya pakhonde lomweli." Ndati sindikuchitira Zakariya, ndikuchitira amake. Akuti amake si amene akumukwatira.

Ana sadziwa. Mwamuna umagona naye nyumba imodzi, koma amene amakuyeza ndi apongozi, ndipo amayamba kuyeza pa bwalo la amako. Ndikuopa kuti adzamunyoza mwana wanga ine kulibe, m'Chipwitikizi, iye n'kumangomwetulira. Izi sindinamuuze. Ndamuuza kuti akasite kapulana wake, chitenje chovala mawa.

Loweruka

M'mawa. Ndaiwala chinthu chimodzi chokha: Loweruka ndi tsiku la msika wa nsomba ku doko. Amabwera anthu a m'midzi yonse, ndi madengu, ndi njinga, ndi njala.

Mbuzi yaphedwa, abakha aphedwa, mpunga uli pamoto. Miphika yandandalika kuyambira ku kozinya mpaka ku mango, ndiye kuti mbali zonse ziwiri za njira. Amayi ondithandiza kuphika aliyense ali ndi mlamu, msuweni, kapena mwana wa mnzake amene akudutsa. Achimwene avala jekete, ali pa mpando wawo.

Ndawalumbiritsa kuti lero asaitane munthu. Alumbira. Akungoloza miphika ndi chibwano.

Chakumasana. Shapa, minibasi ya ku Cuamba, yafika. Atsika ndi nsapato zawo zija. Dona Beatirizi ali patsogolo, magalasi, chikwama chonyezimira, kapulana wa mtengo wapatali. Ndawalowetsa mu lona. Ayang'ana kumtunda, ayang'ana kumunsi, ati, "Pa chithunzi sipankaoneka chonchi." Mtima wanga unavina. Akoka mpweya, afunsa ngati nyanja imanunkha chonchi masiku onse. Ndati ndi mphepo ya lero.

Mwambo wayamba, ndipo wayenda motere:

Atsikana atuluka m'nyumba atafunditsidwa makapulana kumutu, Ameliya ali pakati pawo, kuti amalume a Zakariya aloze mkazi wawo. Kuchokera ku nyumba kupita ku lona ayenera kudula njira ija. Agogo ogontha aja, atafunda kapulana kuopa dzuwa, apeza mzere ukuyenda, alowa kumapeto. Amalume a Zakariya ayenda, ayenda, aganiza kuti chabwino amabisa kumbuyo. Avundukula agogo. Agogo awapatsa moni, awafunsa ngati aona sopo wawo.

Anthu aseka mpaka mipando kugwa. Ndasekanso, mano okha.

Tambala waperekedwa, msoti waperekedwa, khasu, nkhwangwa, lichero, mthiko. Kutsogolo kwakhala bambo wina wa imvi, waulemu wake. Ife tikuti ndi wa ku Cuamba. A ku Cuamba akuti ndi wathu. Wapatsidwa ntchafu ya bakha. Waimirira, walangiza ana za banja, mawu okoma mpaka Zakariya kupukuta m'maso. Atatha watola nkhafi yake pansi pa mpando, watsika ku nyanja.

Zokamba za ankhoswe zatalika, monga mwa masiku onse. Ine ndili mu lona, khutu limodzi kwa achimwene, lina kwa zivundikiro za miphika zimene zikulira kuseri: ngwe, ngwe, ngwe.

Nthawi ya chakudya, ndapita kukaona. Zimene ndapeza:
- mbuzi: mafupa ndi msuzi
- abakha: makosi
- thobwa la pansi pa bedi: achimwene analitulutsa kalekale, akuti likadasasa
- mpunga: ulipo
- nyemba, zimene ndinaphikira ophika: zilipo zambiri

Pansi pa mango, pakhonde, pa mwala wonolera, paliponse pakhala anthu a madengu akunyambita zala. Onse andithokoza. Mmodzi akuti Mulungu andionjezere pamene ndachotsa.

Alendo anga a ku Cuamba, amene ndinawatsekera njira ya boma, ndawapatsa mpunga ndi nyemba, ndi khosi la bakha pa mbale ya Dona Beatirizi.

Ayang'ana mbale. Ayang'ana khamu la pansi pa mango. Afunsa, "Onsewa ndi abale anu?" Ndinafuna kunena kuti inde. Ameliya anali akundiyang'ana. Ndati, "Ndi odutsa."

Afunsa kuti odutsa akudutsiranji pakhomo pa munthu, kulibe njira? Ndisanatsegule pakamwa, Che Saide asuzumira kuseri kwa lona, kumene amatembenuza matemba awo. Avula chipewa. "Njira ndi yomwe mwakhalapoyi, mayi. Pano ndi pa boma, khalani momasuka, ndi pa tonse."

Maso onse a mu lona ali pa ine.

Manyazi ngati amenewo sindinachitepo chibwerere ku Malawi. Ndinayang'ana pansi, ndipo mwendo wa mpando wa Dona unali utatsamira kamwala ka simenti. Ndinaganiza kuti basi, ndamuonongera mwana wanga ndi manja anga.

Dona Beatirizi avula magalasi. Ndinati akulira. Akuseka, mpaka chikwama chagwa. Andikodola, andikhazika pambali pawo, anditsina pa mkono, anditchula monga amatchulirana makolo a ana okwatirana. Akuti, "Komadre, kozinya yanga ku Cuamba ili pa malo a njanji. Sitima ya malasha ikamadutsa ndimagwira mphika ndi manja awiri." Akuti chimbudzi chawo anachigwetsa kawiri, kawiri anamanganso. Kenako asamba m'manja, asiya supuni, adya nyemba zija, apempha zina. Akuti mchere wachepa.

Chinkhoswe chatheka. Ankhoswe agawana nkhuku, agwirana chanza. Ameliya wavina ndi apongozi ake. Ine sindinavine, ndinangoomba m'manja.

Madzulo. Shapa yapita. Che Saide awapatsa alendo thumba la matemba, ndiye amene athokozedwa kwambiri. Ndikulemba izi ndi njala, lero lonse sindinaike kanthu m'kamwa.

Lamlungu

Nditachoka ku tchalitchi ndazula mpanda, wa kumtunda ndi wa kumunsi. Ndinati ndikubwereka mpaka Lamlungu, ndabweza. Ndaima pa msewu, ndikuuza aliyense kuti njira yatseguka. Onse akuti zikomo, mwachita bwino. Kenako akulowa pachipata changa.

Mmene zinthu zilili:
- Mathandala a Che Saide achoka kuseri kwa lona, afika pakati pa njira. Akuti poti sipadutsa anthu.
- A tsidya abzala chinangwa m'mbali mwa chimbudzi chawo.
- A sekeretariyo akuti nkhani ya pakhomo panga aimva, idikire galimoto ya ku Mandimba. Ayeza ndi maso pamene panali lona. Nkhuku zawo zaswa.
- Pabwalo panga paoneka kanjira koyera, kolimba, tsache likungodutsa pamwamba.
- Achimwene akuti ku Itepela kulibe chofulumirira, akhalako pang'ono.
- Dona Beatirizi aimba foni. Afika bwino. Akuti agwirizana kuti ukwati usachitikire ku Cuamba, udzachitikire kuno, poti ine ndimadziwa kulandira anthu. Adzabwera ndi mzere wonse wa nyumba za njanji.

Ndati zikomo, komadre. Ndikadati chiyani?

Lolemba ndinali ndi bwalo laling'ono. Lero ndili ndi timabwalo tiwiri, kena uku kena uko, msewu pakati. Sindilimbananso ndi munthu. Mpanda wanga wakale ndimanga mawa ngati bondo lilola.

Masana. Ameliya wandikodola kuchipinda. Watsegula sutikesi yake, pansi pa zovala za chinkhoswe watulutsa mbale yokulungidwa mu mpango. Chiwindi cha mbuzi ndi mpunga. Anabisa dzulo m'mawa, mbuzi itangophedwa, nakazinga yekha ine ndili kalikiliki ndi mipando. Akuti, "Ndinadziwa kuti simudya."

Mwana ameneyu akupita ku Cuamba, ndipo sindikudziwa amene adzandibisire chakudya.

Tafuna podyera. Pakhonde pali achimwene ndi abale awo atsopano. Pansi pa mango padutsa njinga. M'nyumba, abwera kudzatipempherera. Ndiye tanyamula mbale pansi pa kapulana, tazembera kuseri, takakhala pa njira ya boma, kumbuyo kwa mathandala a Che Saide, pa udzu umene lona inapondereza. Kukununkha matemba. Kutsidya kwa nyumba tikumva odi, odi, ndi achimwene akuyankha.

Tadya pang'onopang'ono, awiriwiri, mpaka mbale yayera. Sipanadutse munthu ndi mmodzi yemwe.